Filimu imayenda ndi pakamwa

M'matauni ang'onoang'ono a dziko lino mulibe munthu amene amalipidwa kuti aonere filimu kenaka n'kulemba maganizo ake m'nyuzi, monga zikhalira kumaiko ena. Komatu izi sizitanthauza kuti mafilimu saweruzidwa. Amaweruzidwa tsiku ndi tsiku, ndipo chigamulo chake sichichedwa ngati cha kubwalo lamilandu.

Mlandu wake umakambidwa pachigayo, pamjigo, m'saluni, pasiteji ya akabaza ndi m'minibasi. Filimu imene yaonetsedwa Loweruka usiku ku Mponela, Ntaja, Jenda kapena Luchenza, pofika Lolemba m'mawa mbiri yake imakhala itawanda msika wonse.

Chigamulocho chimakhala cha mawu ochepa: kaonereni, kapena musataye nthawi yanu.

Mawuwa amaoneka opepuka, koma amanyamula zambiri. Ndiwo amatulutsa ndalama m'thumba la bambo, ndiwo amalowetsa mwana m'nyumba yoonetsera vidiyo, ndiwonso amachititsa kuti filimu ya Mmalawi idziwike kapena ifere m'kabati. N'chifukwa chake wouza mnzake kuti kaonere amakhala atasenza udindo, ngakhale iye mwini sadziwa.

Kale ankasankha ndi boma

Amene adakula m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda amakumbukira galimoto za boma zimene zinkafika pabwalo la sukulu dzuwa litapendeka n'kupachika chinsalu choyera. Mudzi wonse unkakhamukira komweko. Padalibe zosankha. Chimene chabwera ndicho chinkaoneredwa.

Lamulo loona za zisangalalo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe la Censorship Board, limene linkayamba launika filimu isadaonetsedwe kugulu. Mbali zimene linkaona kuti n'zolaula kapena zokhudza ndale linkadula, mwinanso kuletseratu filimu yonse. Ndipo dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, pamene Television Malawi idatsegulidwa.

Zinthu zidasintha nyumba za vidiyo zitachuluka m'misika. Kanyumba ka mdima, mabenchi a matabwa, sipika yaphokoso pakhomo ndi bolodi lolembedwa ndi choko, basi bizinesi yayamba. M'menemo ndimo anyamata ambiri adadziwira Bruce Lee, Chuck Norris, Jean-Claude Van Damme, Jet Li ndi Rambo.

Matepi adapita, kudabwera zimbale, ndipo zimbalenso zidagonja kwa mafulashi ndi mamemore khadi. Lero mnyamata wokhala ndi kompyuta pakhonde la sitolo angathe kuthira mafilimu khumi m'foni ya munthu asadamalize n'kudya chimanga chootcha.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja 10 alionse ndilo lidali ndi wailesi yakanema, pamene pafupifupi theka la mabanja lidali ndi foni ya m'manja. Izi zikuonetsa chifukwa chimene anthu ambiri amaonerabe filimu pagulu: kwa neba, kuvidiyo, kapena anthu asanu kuunjikana pa kafoni kamodzi.

Kale vuto lidali kusowa chosankha. Lero vuto ndi kuchuluka kwake. Pakati pa mafilimu zikwizikwi, munthu amene ndalama yake ndi yowerengeka, batire la foni n'losakhalitsa ndipo magetsi ndi a sola, sangaonere chilichonse. Amafunsa mnzake.

Ya Kamkwamba idagawa anthu

Imodzi mwa mafilimu amene adakambidwa kwambiri m'dziko muno ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka mu 2019. Ngakhale lero, amene angoionera kumene amayambitsanso mtsutso womwe uja.

Filimuyi ikukamba za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adalekeza sukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi m'nthawi ya njala ya mu 2001 ndi 2002. Mmalo mokhala manja lende, iye ankapita kulaibulale kukawerenga mabuku a sayansi, mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga.

Adaikonza ndi katswiri wa zisudzo wa ku Britain, Chiwetel Ejiofor, amenenso adasewera ngati Trywell, bambo a William. Adaijambulira konkuno, ndipo mbali yaikulu anthu ake amalankhula Chichewa. Maxwell Simba wa ku Kenya ndiye adasewera ngati William, pamene woimba wa konkuno, Lily Banda, adali Annie, mchemwali wake.

Oiyamikira amati iyi ndi filimu yoti kholo lionere limodzi ndi mwana amene wayamba ulesi ndi sukulu. Amatinso aliyense amene adaiona njala ya 2002 sangaonere anthu akukanganirana chimanga, kapena banja likudya kamodzi patsiku, osagwidwa chisoni. Kwa achinyamata amene adabadwa pambuyo pake, filimuyi imawaonetsa zimene makolo awo amangozinena pakamwa.

Oidandaula amakamba za chilankhulo. Ejiofor adachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha filimuyi, ndipo khutu la Mmalawi limamva msanga kuti lilime likulemera. Pamalo ena omvetsa chisoni, oonera a kuno amapezeka akuseka katchulidwe ka mawu. Funso lawo limakhala lakuti: kodi m'dziko lonseli mudalibe ochita zisudzo oti n'kutenga mbali zikuluzikuluzo?

Anzawo amayankha kuti popanda dzina lodziwika ngati la Ejiofor, ndalama zokonzera filimu yotere sizikadapezeka, ndipo kampani ya Netflix sikadaifikitsa kumaiko onse kumene idafika.

Palinso ena amene adawerenga buku limene Kamkwamba adalemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Iwowa amakumbutsa kuti filimu si buku. M'filimu makina aja akupopa madzi othirira mbewu n'kupulumutsa mudzi, pamene m'moyo weniweni makina oyambawo adayatsa mababu ndi wailesi panyumba. Zopopa madzi zidabwera pambuyo, mnyamatayo atadziwika pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007.

Mbali zonsezi zili ndi mfundo. Koma amene amathandiza mnzake ndi uja amanena zonse ziwiri: kuti nkhani yake ndi yogwira mtima, Chichewa chake n'cholemera lilime, ndipo mwana wa zaka zochepa angachite mantha ndi mbali za njala ndi maliro. Wopita kukaonera atamva zimenezi sakhumudwa, chifukwa akudziwa chimene akukakumana nacho.

Neria sakalamba

Pali mafilimu ena amene moyo wawo wonse wadalira pakamwa pa anthu. Chitsanzo chabwino ndi Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Nkhani yake adayamba kuilemba ndi Tsitsi Dangarembga, adaitsogolera ndi Godwin Mawuru, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye adasewera ngati Neria. Woimba wotchuka Oliver Mtukudzi, amene adamwalira mu 2019, adasewera ngati mlongo wake wa Neria komanso adaimba nyimbo ya m'filimuyi.

Neria ndi mwamuna wake Patrick adavutikira limodzi kupeza chuma chawo mumzinda. Patrick atamwalira pangozi, mbale wake Phineas adalowerera ndalama, katundu ndi nyumba, ati potsata mwambo. Mayi wamasiyeyo adatsala padzuwa ndi ana, mpaka adalimba mtima kukafuna thandizo la malamulo.

Zithunzi za filimuyi n'zachikale poyerekeza ndi zamasiku ano. Mulibe mfuti, mulibe galimoto zophulika. Koma patatha zaka zoposa 30, amayi amauzanabe za iyo, makamaka pakachitika maliro kenaka achibale n'kuyamba kuwerenga mipando ndi malata mtembo usadaikidwe n'komwe.

Chimene chaisunga n'chakuti oifotokoza amanena chifukwa chake. Sangoti ndi yokoma. Amati muonere ndi amuna anu, kenaka mukambirane za wilo.

Kukambiranako kuli ndi pogwira kuno kwathu. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chuma chamasiye la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo lidati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Mabanja ambiri amaopa kuyamba nkhani ya wilo poganiza kuti n'kudziitanira imfa. Filimu imawapatsa poyambira, chifukwa amayamba ndi kukamba za Phineas asadafike pa achibale awo.

Za ku Nigeria: kuseka ndi mantha

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mafilimu a ku Nigeria adalanda malo a mafilimu a nkhondo m'nyumba zambiri. Amayi, amene sankakonda kulowa m'nyumba za vidiyo, adapeza nkhani zowakhudza: apongozi ovuta, mitala, kusabereka, chuma chokhwimira ndi mapemphero.

Ambiri amati gwero la mafilimu amenewa ndi Living in Bondage ya mu 1992, nkhani ya bambo amene adapereka mkazi wake nsembe kuti alemere. Pambuyo pake kudabwera oseketsa. Nkem Owoh adaseketsa Africa yonse mu Osuofia in London ya mu 2003, m'mene adali mlenje wa kumudzi wopita ku London kukalandira chuma cha mbale wake womwalira.

Nanga ndani angaiwale Aki ndi Pawpaw? Mtsutso wakuti awiriwa ndi ana kapena akuluakulu udatha zaka m'misika. Zoona zake n'zakuti Chinedu Ikedieze adabadwa mu 1977 ndipo Osita Iheme adabadwa mu 1982, kotero pamene ankatchuka onse adali atakwana kale zaka 20. Patience Ozokwor naye adasewera bwino ngati mpongozi wankhanza moti dzina lake lidasanduka chitonzo cha apongozi ovuta.

Okonda mafilimuwa amati amalangiza, chifukwa woipa amalandira chilango chake pamapeto. Osawakonda amati amachedwetsa nkhani dala. Munthu akuyenda kuchoka pageti kufika pakhomo, kamera ili naye mpaka mphindi zingapo, cholinga filimu ikhale ndi gawo loyamba, lachiwiri, mwina mpaka lachinayi. Mnzako wachilungamo amakuchenjeza kuti usayambe ngati magawo onse sunawapeze.

Koma dandaulo lalikulu ndi la ufiti. M'mafilimu ambiri otere, mavuto onse a banja amathera pa gogo wina wa kumudzi amene amasanduka kadzidzi usiku. Wamkulu amadziwa kuti izi ndi zopangidwa pakompyuta. Mwana wa zaka 8 sadziwa.

M'dziko limene okalamba akhala akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa powaganizira ufiti, nkhani imeneyi si yocheza. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Palibe anganene kuti filimu payokha ndiyo imaphetsa munthu, koma mwana woonera zotere popanda womumasulira angayambe kuyang'ana agogo ake ndi diso lina. Wopereka filimu yotere kubanja la mnzake ayenera kutchula zimenezi.

Womasulira ndiye mwini filimu

M'misika yambiri masiku ano, funso loyamba silikhala lakuti filimuyo ndi ya ndani, koma kuti wamasulira ndani.

Anyamata ena aluso amatenga mafilimu a ku China, India, Korea ndi America n'kulankhulira pamwamba m'Chichewa. Munthu mmodzi amakhala mfumu, mkazi wa mfumu ndi wantchito yemwe. Anthu a m'filimu amapatsidwa maina a kuno, mzinda wa kutali umasanduka Limbe kapena Ndirande, ndipo chakudya chilichonse chapatebulo chimakhala nsima.

Lusoli latsegulira khomo anthu ambiri amene Chingerezi chothamanga cha m'filimu chinkawadutsa. Gogo ndi mdzukulu amaseka pamodzi, ndipo palibe wovutitsa mnzake ndi mafunso akuti akuti chiyani.

Koma womasulira samangomasulira. Amaonjezera zake, amadumpha zimene sadamve, ndipo nthawi zina nkhani imene oonera amapita nayo kunyumba imakhala yosiyana ndi imene eni filimu adakonza. Anthu awiri angakangane za filimu imodzi osadziwa kuti adaonera zomasulira za anthu awiri osiyana.

Omasulira ena ali ndi pakamwa poyera, ena nthabwala zawo n'zoti sungamvere limodzi ndi apongozi. Filimu imene zithunzi zake zilibe vuto ingathe kuipitsidwa ndi mawu othiridwa pamwamba. Choncho pouza banja la mnzako za filimu yomasulira, kutchula khalidwe la womasulirayo n'kofunika ngati kutchula dzina la filimu.

Zathu zikusowa wozinenerera

Chodabwitsa n'chakuti munthu wodziwa maina a ochita zisudzo a ku Lagos ndi Mumbai amakanda m'mutu akafunsidwa mafilimu atatu a Amalawi. Chikhalirecho alipo, ndipo ena adapambana mphoto kunja.

Charles Shemu Joyah, amene ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, adatulutsa Seasons of a Life mu 2008. Ndi nkhani ya mtsikana wantchito zapakhomo amene abwana ake adamupatsa pathupi, n'kukakamizika kusiya mwanayo kuti apitirize sukulu, kenaka n'kubwera patapita zaka kudzamufuna. Flora Suya ndiye adatenga mbali ya mtsikanayo, ndipo Tapiwa Gwaza adapata nayo mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Banja lililonse limene lidasungapo mtsikana wantchito lili ndi choti likambirane likaonera filimu imeneyi.

Mu 2012 Joyah adatulutsanso The Last Fishing Boat, yojambulidwa kunyanja ku Mangochi. Malemu Hope Chisanu adasewera ngati msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja, uku alendo odzaona malo akusokoneza banja lake. Mu 2017 kudabwera The Road to Sunrise, yokamba za amayi awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre. Iyi idapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa, ndipo idali yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino kumpikisano wa Oscar. Koma ziwirizi ndi za akuluakulu, si zoonera ndi ana a kupulaimale.

Joyce Mhango Chavula adali atapata kale mphoto yomweyo ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Ndipo mu 2021 dziko lino lidatumiza ku Oscar filimu ya Gift Sukez Sukali, Fatsani: A Tale of Survival, nkhani ya kamtsikana kamene kadayamba kugulitsa nthochi m'misewu sukulu yake itatsekedwa. Aliyense wochita geni pamsika angadzione m'filimu imeneyi.

Amene adaonerapo mafilimu a kuno samangoyamikira. Ena amadandaula kuti mawu samveka bwino, ena amati ochita zisudzo amakuwa ngati ali pasiteji, enanso amati Chingerezi chimachuluka pamalo poti anthu enieni akadalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Madandaulo otere ndi abwino, chifukwa wokonza filimu amakula nawo. Choopsa ndi chete.

Vuto lina ndi kapezekedwe. Filimu zambiri za kuno zimaonetsedwa koyamba m'maholo a ku Lilongwe ndi Blantyre, pamtengo umene munthu wa ku Nkhamenya kapena Thondwe sangaufikire. Zikafika kumsika zimafika zokopedwa, mwini wake osaonapo ngakhale tambala, ngakhale kuti dziko lino lili ndi bungwe loteteza eni luso la Cosoma kuyambira mu 1992 ndi lamulo latsopano la umwini wa luso la mu 2016.

Wa kumsika alibe mphamvu yosintha zonsezi. Koma ali ndi pakamwa. Woonetsa vidiyo amaika chimene anthu akufunsa. Anthu khumi akafunsa filimu ya Mmalawi sabata imodzi, sabata yotsatira dzina lake limakhala pabolodi. Ndipo pamene mwini filimu waika njira yoigulira kapena kuionera movomerezeka, kuuza anzako njira imeneyo ndiko kumuthokoza kwenikweni.

Yabwino kwa yani?

Cholakwika chachikulu pofotokozerana mafilimu ndi kuiwala kufunsa kuti akaonere ndani. Filimu imene yasangalatsa anyamata a kabaza si imene bambo angaike pabalaza pali ana ndi alendo ochokera kumpingo.

Mabanja ambiri adachitapo manyazi otere. Filimu yayamba bwinobwino, mwadzidzidzi pabwera zakuchipinda. Bambo ayamba kufunafuna rimoti, mayi atuma ana kukatunga madzi usiku, mlendo ayang'ana kudenga. Wolakwa amakhala uja adati ndi yabwino osaonjezerapo kanthu.

Mafilimu ambiri ochokera kunja amakhala ndi chizindikiro cha msinkhu pachikuto kapena poyambirira. Nambala ngati 13, 16 kapena 18 imanena zaka za woyenera kuonera. Zilembo za PG zimatanthauza kuti mwana aonere pali kholo. Pa mafilimu odzera ku South Africa pamakhalanso zilembo zina: V ndi zachiwawa, L ndi mawu otukwana, N ndi umaliseche, S ndi zogonana.

Tsoka lake, filimu yothiridwa m'memore khadi imafika yopanda chikuto, ndipo poyambira pake pamakhala patadulidwa. Dzina lokha silinena kanthu. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale zojambula zooneka ngati zidole si zonse zili za ana. Chizindikiro chokha chimene chatsala ndi mawu a munthu amene adaionera mpaka kumapeto.

Nyumba za vidiyo nazo zili ndi mbali yake. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu m'madera ambiri akhala akudandaula za ana ovala yunifolomu opezeka m'nyumbazi nthawi ya maphunziro, ndi za mafilimu olaula oonetsedwa usiku pakhomo popanda wofunsa zaka. Eni nyumba ena amasamala, ena amangoona ndalama. Makolo amadziwana okhaokha kuti nyumba yosamala ndi iti, ndipo kuuzana zimenezi n'kofunika kuposa kuuzana filimu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuletseratu mwana sikuthandiza kwenikweni, chifukwa akaonera kwa anzake. Chimene chimathandiza ndi kumufunsa chimene waonera, n'kumulola afotokoze. Mwana amene akufotokoza filimu amaonetsa yekha chimene chamukhalira m'mutu: kaya ndi kulimba mtima kwa ekita, kaya ndi kamenyedwe, kaya ndi mantha amene akumulepheretsa kugona. Pamenepo ndi pamene kholo limapeza mpata womuuza kuti magazi aja ndi utoto, ndipo wolumpha kuchoka padenga uja adamangiriridwa zingwe.

Kafotokozedwe kothandiza

Pamsika uliwonse pamakhala anthu amene mawu awo pa za mafilimu amakhulupiriridwa, ndi ena amene akati kaonereni anthu amangoseka. Kusiyana kwawo kumaoneka pa zinthu zochepa.

Wokhulupirika amakamba filimu imene waionera yekha mpaka kumapeto. Zongomva kwa ena amazisiya, podziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Amanena mtundu wa filimu ndi nkhani yake mwachidule: yoseketsa, yachikondi, yankhondo kapena yoopsa. Amatchulanso kutalika kwake, chifukwa filimu ya ku India ingathe kudya maola atatu, ndipo zina za ku Korea ndi Philippines ndi nkhani zamagawo ambirimbiri zimene zapsereza ndiwo m'makomo ambiri.

Amasiyanitsa chimene sadachikonde iye ndi chimene chili choipa. Munthu wokonda nkhonya akati filimu ndi yogonetsa tulo, mwina akungotanthauza kuti anthu ake amalankhula kwambiri, ndipo mwina imeneyo ndiyo ingakomere mayi wokonda nkhani za m'banja.

Amanena oyenera kuionera, ndipo ngati muli malo ochititsa manyazi kapena oopsa, amachenjezeratu.

Chomaliza, saulula mathero. Palibe munthu wotopetsa ngati uja amakhala kumbuyo m'nyumba ya vidiyo n'kumanena kuti uyu afa posachedwa, kapena wakupha uja ndi mkazi wake yemwe. Wolipira pakhomo walipirira kudabwa, ndipo womuuziratu wamubera.

Wolandira malangizo nayenso ali ndi gawo lake. Akaonera, abwerere kwa mnzake uja akamuuze ngati wagwirizana naye kapena ayi. Kutsutsana pa filimu sikudanitsa. Ndi njira imodzi imene bambo ndi mwana wake wachinyamata, amene masiku ena amasowa chokambirana, angachezere mpaka nsima kuzizira.

Banja limene lili ndi madzulo amodzi okha sabata ino lingayambe ndi Fatsani kapena ya Kamkwamba ngati pali ana a sukulu, Neria kapena Seasons of a Life ngati ana agona, Osuofia ngati pakhomo pakufunika kuseka. Filimu ikatha, asathamangire kuzimitsa nyali. Wina afunse kuti wolakwa adali ndani, ndipo wamng'ono pa onse ayambe ndiye kuyankha.